Sabata Imodzi Imene A Tembo Anandipempha

Ku Nambuma kuno amanditchula kuti Mmereka, ngakhale kuti ku Amerikako ntchito yanga inali yochapa masokosi a anthu ena. Dzinalo sindilikana. Ena akayenda amabwera ndi galimoto, ine ndinabwera ndi dzina.

Sabata yatha ndili pamzere kuchigayo, aphunzitsi ena a pasukulu yathu, amene sachotsa maso pafoni, anandikodola.

"Inu a Mmereka, akuti kwanu kuja akufuna kuwonjezeranso matimu olowa m'chipulula cha mpira wawo uja. Si nkhani yabwino imeneyo, eti? Masewera achuluke, anthu apeze ganyu."

Ndinati ayi, asawonjezere.

"Aa! Mpira wa eni ake, inu ukukuwawani pati?"

Anthu pamzerepo anaseka, inenso ndinasekako pang'ono kuti ndisaoneke wamwano. Pachigayo si pofotokozera za amayi ako, ndipo ngakhale utafuna, phokoso silingakulole. Koma funsolo landitsata mpaka kunyumba, ndiye ndati ndiliyankhe polemba. Pamene anawonjezera matimu ulendo woyamba, malo owonjezerawo ndi amene anandimanitsa kuwapeza amayi anga ali moyo. Komabe ndisanamizire malamulo a mpira okha. Panali munthu pakati, munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi.

Ndisanapite kunja ndinkasankha fodya pa esiteti ina cha ku Kabudula. Ndinali ndi diso, osati zodzitama. Tsamba ndinkangoligwira n'kudziwa mulu wake. Za lotale ya viza ndinazimva kwa kalaliki wa paesitetipo, amene ankalembetsa chaka ndi chaka osaphula kanthu. Tsiku lina ananditenga kuti ndimuperekeze m'tauni, n'kundilembetsa inenso mongocheza. Mwayi unadumpha mwini ulendo n'kugwera woperekeza. Mpaka lero tikakumana amayankha moni wanga ngati dzino likumuwawa.

Amayi anandiperekeza mpaka pasiteji atavala za Mvano, ngakhale silinali tsiku lake. Bambo anali atatisiya kale, ndipo pakhomo pankatsala achemwali anga a Esinati ndi mng'ono wanga Lameki. Amayi sanalire. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kapepala ka shuga ndi buku lawo la nyimbo, lija lothothoka chikuto, n'kunena kuti, "Ndalama utumize kapena usatumize, zako izo. Koma ine usadzandipeze ndili mulu wa dothi." Ndinaseka, ndinati amayi inu mumakonda kuopseza anthu.

Mzinda umene ndinafikira sindiutchula, ndingoti ndi wozizira. Miyezi itatu yoyamba ndinatsuka mbale, ndinanyamula makatoni, ndikugona pampando m'nyumba ya anthu amene nkhope zawo zinkandifunsa m'mawa uliwonse kuti ndichoka liti. Ndiye Lamulungu lina nditatuluka m'tchalitchi, ndinamva kumbuyo kwanga munthu akukalipira mwana wake pafoni m'chinenero chathu. Miyendo inangoima yokha. Anali a Tembo, a cha ku Chipata, munthu wamfupi, wadazi, wondiposa ndi zaka ngati khumi. Nditawauza kuti kwathu ndi ku Nambuma anandigwira dzanja osalisiya.

"Mwana wakwathu! Chipata ndi Lilongwe n'kuseri kwa nkhokwe. Ukugona kuti?"

Sabata yomweyo ndinasamukira kwawo. Tinali amuna anayi m'zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, ndipo bedi langa linayang'anizana ndi la a Tembo. Banja lawo linali kwawo, ngati ine, ndiye Loweruka tinkametana tsitsi pabafa n'kumakangana kuti fodya wabwino amachokera kwa ndani. Anandipatsa jekete yawo yachikopa chisanu chisanandiphe. Anandiphunzitsa mabasi, n'kundiletsa kupereka moni kwa munthu aliyense m'basimo, chifukwa anthu akumeneko ukawalonjera amagwira chikwama. Nditadwala malungo a kuzizira anajomba kuntchito n'kundiphikira phala. Ndipo ndi iwo anandipezera ntchito kumene ankagwira, kumalo ochitirako masewera olimbitsa thupi a timu ina ya mpira wa ku Amerika, kumene iwo anali kapitawo wa ochapa. Zonsezi ndikuzinena kuti musaganize kuti ndinakhulupirira munthu wongodutsa.

Nambala yawo ndinaitumiza kumudzi, n'kumuuza Lameki kuti, "Awa ndi akulu anga kuno. Kukagwa kanthu, uziimbira iwowa."

Aliyense wakwathu akudziwa chifukwa chake. Uthenga wolemera sauponya pafoni kwa mwini wake. Munthu ali yekha kutali, angagwe, angadzipweteke. Umauza wamkulu amene ali naye pafupi, iyeyo ndiye amapita, kumukhazika pansi, n'kumuuza pang'onopang'ono. Ndi mwambo wachifundo. Ndipo mthenga wake ndinamusankha ndekha, palibe anandikakamiza.

Mpirawo si uwu timaudziwa ife. Ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo amaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo. Amathamanga pang'ono, kugundana, kuunjikana, kenako onse n'kudzuka kukakambirana ngati pagwa mlandu. Ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi pafupi nawo, malamulo ake sindinawamalize. Chimene ndinkadziwa bwino ndi zovala zake. Anyamata ake ndi zimphona, malaya a mmodzi mukhoza kufunditsa belo la fodya. Zovalazo zinkabwera m'ngolo zitanyowa ndi thukuta, udzu, matope, nthawi zina magazi, ndipo fungo lake linkakutsata mpaka m'basi. Mankhwala ochotsera madontho anandisupula zala chaka choyamba mpaka ndinkalephera kumanga mabatani. Makina ankachapa, koma kusankha kunali kwa ine. Chilichonse chili ndi nambala ya mwini wake, ndipo wosewera akapeza sokosi ya mnzake m'kabati mwake, nkhani inkafika kwa bwana. Ine sindinasokonezepo. A Tembo ankandinyadira pamaso pa anthu, ankati diso la fodya silinama.

Zimene ndinkatumiza kumudzi zinagwira ntchito yake. Lameki anamaliza sukulu, m'khola munalowa ng'ombe ziwiri, njerwa za nyumba ya amayi zinawotchedwa. Koma amayi pafoni za njerwa sankafunsa. Iwo ankafunsa za mpira.

Nkhani yake ndi iyi. Ligi yawo imayamba kwathu kuno tikusosa m'minda, n'kutha chaka chatsopano chitangolowa. Matimu amene achita bwino amalowa m'chipulula, m'mene ukagonja kamodzi walongedza. Otsalawo amapita kwawo. Timu yathu inali ya otsalawo, chaka ndi chaka. Anthu a mumzindamo ankatukwana, manyuzipepala ankalira, koma kwa ine kugonja kwawo kunali tiketi yanga. Masewera omaliza akatha tinkachapa komaliza, kulongedza, bwana n'kutimasula. Chaka china ndinkapita kumudzi, china ndinkakhala, ndipo ndikapita ndinkafika chimanga chili m'mawondo.

Amayi anaigwira nkhani imeneyi msanga kuposa ine. Kwathu netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa khola, ndiye Lolemba lililonse chakumadzulo ankakwera pachulupo ndi foni ya Lameki.

"Kodi dzulo mwatani?"

"Tagonja, amayi."

"Ambuye alemekezeke! Apitirize choncho anawo."

Tikapambana ankadandaula. "Iii, ndani wawalimbitsa?" Anafika poitengera nkhaniyi ku Mvano, ndipo amayi a mpingo wathu, amene mpirawo sanauonepo ndi kamodzi komwe, ankapempherera timu ya ku Amerika kuti igonje bwino, popanda wovulala. A Tembo zinkawaseketsa mpaka misozi. Ankandilanda foni n'kukuwa kuti, "Amayi, mwatilodza, tatilekeni tipambaneko!" Amayi ankawatcha mwana wawo woyamba.

Ulendo wina ndinawabweretsera malaya akale a wosewera wina amene ankati atayidwe. Anawafika m'mawondo. Ndinkaganiza kuti awasunga m'bokosi, koma m'mawa mwake ndinawapeza atawavala pamwamba pa chitenje, ali kumunda akubandira, nambala yaikulu ili kumsana. Anthu opita kuchigayo ankaima panjira. Iwo ankangowayankha kuti, "Ndi a ana anga ogonja aja, ondibwezera mwana."

Ndiye eni ake a ligi anagwirizana zowonjezera malo m'chipulula, timu imodzi mbali iliyonse. M'chipinda chochapiramo tinakangana sabata yathunthu. A Tembo ankati ndi zabwino. Timu ngati yathu, yosakhala kumutu yosakhala kumchira, ipezako mpata, anthu azibwera kubwalo mpaka mapeto chifukwa chiyembekezo chilipo, ifenso masabata a ntchito achuluke. Mdala wina wakonko, wokonza zisoti za osewera, amene anakalambira pantchitopo, ankapukusa mutu. Ankati ukatsegula chipata kwambiri miyezi inayi ya ligi yatha mphamvu, chifukwa wolimbikira ndi wongoyendamo akulowera khomo limodzi. Ankatinso tiziona mabandeji amene timataya Lolemba lililonse, matupi a anyamatawa si achitsulo. "Amene akuwonjezera masewerawa," ankatero, "sathyoka bondo, ndipo sachapa."

Ine ndinali mbali ya a Tembo, ndisaname. Ndinawomba m'manja. Ndinkaona malata a nyumba ya amayi, ndinkaona feteleza. Walira mvula walira matope, koma tsiku limenelo za matope sindinaziganize.

Poyamba lamulo latsopanolo silinatikhudze, tinkagonja mwa masiku onse. Kenako chinafika chaka changa chopita kumudzi. Amayi anayamba kudwala Khirisimasi isanafike, miyendo kutupa, mpweya kuchepa. Lameki anawatengera kuchipatala, anawapatsa mankhwala, anabwerera kunyumba. Pachulu anasiya kukwera, ndiye mawu awo ndinkangowamva kudzera mwa Lameki. "Ali bwinoko, achimwene, akuti mubwere ndi mafuta opaka m'miyendo." Ndinagula tiketi ya Lachitatu lotsatira masewera omaliza a ligi. Ndikanyamuka Lachitatu, Lachisanu masana ndili pakhomo. Sutikesi ndinailongedza kutatsala masabata awiri, mafutawo ali pamwamba.

Timu yathu chaka chimenecho inkapambana lero, kugonja mawa. Mwa malamulo akale ikanakhala italongedza kalekale. Koma tsopano mwezi wonse wa Disembala anthu ankangoti akagonja awa, n'kugonjanso awo, ife talowa. Ndipo zinachitikadi. Lamulungu lomaliza timu yathu inapambana, timu ina kwinakwake inagonja, malo owonjezera aja n'kugwera ife. Mzinda unapenga. Magalimoto kuliza mahutala, anthu osadziwana kukumbatirana panja pozizira. Ine ndinaima pakati pa ngolo za zovala, mtima uli pa Lachitatu.

Lolemba m'mawa a Tembo anandipeza ndikupinda matawulo. Anatseka chitseko.

"Mwana wakwathu, ndili pamoto. Awiri adwala chimfine, bwana akuti sabata ino wina asasowe. Wosankha ngati iwe ndimupeza kuti? Sunthako tiketi, sabata imodzi yokha. Tikukasewera ndi akuluakulu, kwawo komwe. Lamulungu atikwapula, Lachitatu linalo uli m'ndege."

"Akulu, amayi sali bwino."

"Ndayankhula naye Lameki m'mawa uno. Anandiimbira kundipatsa moni wa chaka chatsopano. Akuti amayi adzuka bwino, adya phala, akhala pakhonde."

Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezi. Nkhope imeneyo ndakhala ndikuibwereza m'mutu zaka zonsezi, kufunafuna pamene inaphethira, sindipapeza. Ndinaganiza za jekete, za phala lija anandiphikira, za ntchito imene anandipezera. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndinasuntha tiketi.

Kenako ndinatumiza uthenga wa mawu kwa Lameki, ndikuseka ndithu. "Uwauze amayi kuti mapemphero awo aphonya ulendo uno, timu yalowa m'chipulula. Ndibwera sabata yamawa." Yankho linabwera patapita nthawi, lochita kulemba. "Tamva, achimwene." Mawu awiri okha. Ndinati mwina mayunitsi amuthera.

Lachinayi ndinaimba kangapo, foni osalowa. Lachisanu inalowa, anayankha a Esinati. Ndinafunsa za amayi. "Ali momwemo." Ndinafunsa za mvula. "Ikugwa." Ndinati muwapatse moni. "Chabwino. Gwirani ntchito." Anadula. Achemwali angawa ndi munthu wa mawu ambiri, wokhoza kukusimbira za nkhuku imodzi ola lathunthu, ndipo ndinayenera kudabwa. Koma makina ankalira, zikwama za ulendo wa timu zikudikira, ndinabweza foni m'thumba.

Lamulungu anatikwapuladi. Pofika pakati pa masewera anthu ambiri anali atasiya kale kuonera. Zovala zinafika Lolemba m'mawa, tinachapa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikusankha, kupinda, kulongedza m'makatoni, ndikuimba chamumtima chifukwa mkuja ndi ulendo. Sokosi yomaliza italowa m'malo mwake, a Tembo anandiitanira m'kachipinda kawo. Anandikokera mpando. Anathira tiyi. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Anachita zonse mwa mwambo wake, palibe chimene anadumpha. Anayamba ndi zoti moyo ndi wa Mulungu, kenako zoti matenda anakula mwadzidzidzi, kenako ananena. Amayi anatisiya Loweruka masana. Awaika m'manda lero lomwe, ndi mvula ikugwayi sakanadikira. Ndinalira ngati mwana, a Tembo atandigwira phewa, iwonso akulira. Ndinafunsa kuti bwanji osandiuza Loweruka lomwelo, anati uthenga wawapeza mochedwa, netiweki ya kumudzi ndikuidziwa. Lachitatu anandiperekeza kubwalo la ndege pagalimoto yawo, anandinyamulira sutikesi mpaka pakhomo. Ndinawathokoza. Ichi ndiye chimandiwotcha mpaka lero. Ndinawagwira ndi manja onse awiri, n'kuwathokoza.

Ndinafika Lachisanu, sabata yathunthu kuchokera tsiku limene ndikanafika. Anthu a pamaliro anali atabalalika, patatsala phulusa pabwalo ndi mabenchi a kutchalitchi osabwezedwa. Palibe anathamangira sutikesi yanga. Azakhali anandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Lameki ananditengera kumanda n'kundilozera. Unali mulu wa dothi lofiira, nkhata zake zitayamba kufota.

Pobwerera tinapeza a Esinati atakhala pakhonde la amayi akusenda nkhwani. Sanadzuke.

"Mwabwera, a ku Amerika. Kodi mpira watha?"

"Achemwali, mawu otani amenewo? Ndikanadziwa kuti zafika pamenepo..."

"Mukanadziwa? Lolemba lija tinakutumizirani uthenga kuti matenda akula, amayi akukuitanani, musachedwe ndi tsiku limodzi lomwe. Inu n'kutiyankha mukuseka kuti timu yalowa."

Ndinatembenukira kwa Lameki. Anatulutsa foni n'kundionetsa. Lolemba lija, nambala ya a Tembo. Loweruka, nambala yomweyo, ola lomwe amayi anatsirizika.

"Ndinachita monga munandiuzira, achimwene. Ndinauza akulu anu. Anati akukhazikani pansi tsiku lomwelo. Patapita nthawi anandiimbiranso, akuti mwamva, koma mwati ntchito yakula, mubwera masewera akatha. Kenako n'kubwera uthenga wanu uja."

"Nanga bwanji osandiimbira ineyo? Bwanji osandikalipira?"

"Ine ndikalipire inu? Munthu wamkulu wamva, wayankha. Ndibwerezenso chiyani?"

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa. Mwambo uja unayenda bwinobwino, aliyense anachita mbali yake mwaulemu, ndipo ulemu womwewo ndi umene unafunditsa bodza. Lameki sakanandifunsa kawiri, ine sindikanakayikira akulu anga, ndipo a Tembo zonsezi ankazidziwa chifukwa ndi akwathu. Munthu wachilendo sakanatha kundinamiza chonchi. Panafunika munthu wodziwa kuvula chipewa.

Patatha mwezi ndinabwerera ku Amerika. Sindinabwerere ntchito, ndinkafuna ndimve pakamwa pawo. Ndinawapeza m'chipinda chochapira muja akudya chamasana, makina onse atazima chifukwa mpira unali utatha. Sanakane, ndipo mwina zikanandipepukirako akanakana.

"Ndinkati Mulungu awasunga sabata imodzi. Amayi athu aja anali olimba. Bwana anandiuza kuti wina akasowa, ukapitawo wanga watha, ndipo ana anga ali pasukulu. Ndikanatani?"

"Mukanandiuza. Kusankha kukanakhala kwanga."

"Ukanapita."

"Eya, ndikanapita."

"Ndiye ukuona."

Anapinda kapepala ka chakudya chawo, kenako ananena mawu amene anamaliza zonse.

"Komanso taganiza, mwana wakwathu. Ukananyamuka Lachitatu, ukanafika Lachisanu. Iwo anapita Loweruka. Ndi tsiku limodzi lokha limene ukanakhala nawo."

Kodi mukumva? Anali ataziganizira kale. Anatenga tsiku langa limodzi ndi amayi, analiika pasikelo yawo, n'kupeza kuti ndi lopepuka kuposa matawulo a masewera amene tonse tinkadziwa kuti tikagonja. Tsiku limodzi ndikanawapaka mafuta aja m'miyendo. Tsiku limodzi akanandiona ndi maso awo kuti sindinawataye. Sindinawamenye a Tembo, ngakhale dzanja linkafuna. Ndinavula jekete yawo ija, imene ndinaivala zaka zonsezo, ndinaiponya m'ngolo ya zakuda, n'kutuluka panja pozizira ndi malaya okha. Ndinagwira ntchito kwina miyezi ingapo, kenako ndinabwera kwathu osapitanso. Chaka chilichonse pa Khirisimasi amanditumizira vesi pafoni. Sindiyankha, ndipo sindinawakhululukire, ngakhale abusa amayesetsa nane.

Kumudzi kuno Lameki anandikhulupirira tsiku lomwe ndinamuuza kuti uthenga uja sunandifike. A Esinati zinawatengera nthawi. Amati ngakhale a Tembo ananama, ndani anandigwira dzanja posuntha tiketi, amayi akudwala? Sindiwatsutsa, chifukwa funso lomwelo ndimadzifunsa ndekha. Ena mpaka lero amanong'onezana kuti Mmereka anasankha mpira, ndipo sindingayende khomo ndi khomo kuwafotokozera. Ndimalima chimanga ndi fodya pang'ono pachigawo chimene achemwali anandigawira, ndipo posankha tsamba diso lija likadalipo.

Ndiye aphunzitsi, mukandifunsa ngati awonjezerenso matimu, zimene anganene a Tembo ndikuzidziwa, ndipo si zopusa ayi. Anthu amakonda chiyembekezo, ganyu amafunika, ndinawomberapo m'manja ndekha. Koma malo aliwonse owonjezera ndi sabata yowonjezera, ndipo sabata imeneyo siigwa kumwamba. Amailanda kwa wina. Mwina ndi bondo la mnyamata uja ankanena mdala wa zisoti. Mwina ndi munthu wochapa amene ali ndi tiketi m'thumba, pansi pa kapitawo amene wauzidwa kuti wina asasowe. Timu yongoyendamo izipita kwawo nthawi yake ikakwana, kuti anthu ake azipitanso kwawo.

Chaka chatha tikupalira limodzi, a Esinati anaika khasu pansi n'kundiuza chinthu chimene anandibisira nthawi yonseyi. Akuti iwo ndi Lameki sanawauze amayi zoti ndakana kubwera, analibe mtima wowauza zimenezo. Anangowauza kuti timu yalowa m'chipulula, ndibwera ikagonja. Masiku omalizawo ankangogona, osadya, osazindikira anthu bwinobwino, koma akamva munthu walowa m'nyumba ankatsegula maso n'kuyang'ana kukhomo. Loweruka lija m'mawa a Esinati analowa ndi madzi. Amayi anawagwira chitenje, n'kufunsa ndi timawu totsala.

"Kodi anawo sanagonjebe?"

Anagonja mawa lake.